CIZOLOWEZI CA UZA: MAU KWA OYENDETSA MALOLE NDI KWA IFE TONSE

Werengani 2 Samueli 6:1-11 ndi 1 Mbiri 15:11-15.

 Mwezi uno tilingalire za munthu wina wa m'Cipangano Cakale amene anafera pamseu ali pa nchito yoyendetsa ngolo. Sanali mlendo pa nchitoyo, sanali woledzera, ndipo mtima wace sunafuna coipa. Cimene cinamupha ndico cimene cimapha amuna ambiri odziwa nchito pa miseu yathu, ndico kuzolowera cinthu coopsa kufikira mantha atha mumtima.

I. IMFA YA UZA

Likasa la cipangano linakhala nthawi yaikuru m'nyumba ya Abinadabu ku Kiriyati-yearimu. Buku la 1 Samueli 7 lichula zaka 20, ndipo zinapita zinanso Davide asanadze kudzalitenga. Uza ndi Ahiyo, ana a nyumba imeneyo, analiona m'mawa ndi madzulo, monga inu muona nkhokwe ya pabwalo panu. Cilamulo ca Mose, pa Numeri 4 ndi 7, cinanena poyera kuti likasa lisenzedwe pa mapewa a Alevi a banja la Kohati, ndi kuti dzanja la munthu lisalikhudze. Koma masiku akale Afilisti, anthu osadziwa cilamulo, anabweza likasalo kwa Aisrayeli pa ngolo yokokedwa ndi ng'ombe, ndipo linafika bwino, osagwa panjira.

Tsono pamene Davide anasonkhanitsa amuna 30,000 kuti akwere nalo ku Yerusalemu, panalibe wina anafunsa za cilamulo cija. Ngolo inathandiza kale, idzalepheranji lero? Anakonza ngolo yatsopano, Ahiyo natsogola, Uza nayenda pambali, anthu onse naimba ndi kukondwera. Ndipo pofika pa dwale la Nakoni ng'ombe zinaphunthwa, Uza natambasula dzanja kuti acirikize likasa, nafa pomwepo. Nyimbo zinaleka, Davide nagwidwa ndi mantha, nasiya likasa m'nyumba ya Obedi-Edomu miyezi 3.

Ena powerenga amati cilango ici cinapambana kulakwa kwace. Koma taonani, kulakwa sikunayamba pa dwale la Nakoni. Kunayamba kumudzi, pamene anasankha njira yapafupi cifukwa inapulumutsa anthu ena kale. Mlendo akadaopa kuyandikira; Uza sanaopa, popeza anakulira pamenepo. Ng'ombe zinangoonetsera cimene cinaola kale mumtima.

II. MSEU WATHU

Makolo athu anali amtengatenga. Katundu wa Mandala ndi wa misyoni anayenda pa mitu ya anthu kucokera ku madooko a Shire kukwera ku Blantyre, ku Zomba ndi kuno ku Domasi, kumene misyoni inayamba m'caka ca 1884. Wamtengatenga akaphunthwa anathyoka yekha cala, mtolo nugwa m'udzu. Lero lole imodzi isenza matumba 600 a makilogalamu 50, ndiwo matani 30. Munthu mmodzi akasenza theka la thumba, pafunika anthu 1,200 kuti anyamule zimenezo. Mphamvu ya khamu lonse limenelo iri m'manja awiri ndi phazi limodzi la mwamuna mmodzi wokhala pa ciwongolero.

Dziko lathu liribe dooko la pa nyanja yamcere. Cifukwa cace mafuta, feteleza, mcere ndi mankhwala ambiri zidzera pamseu kucokera ku Beira, ku Dar es Salaam ndi ku Durban. Tisanyoze madalaivala, ndiwo atidyetsa, ndipo agona m'malire masiku ambiri kutali ndi ana ao. Ena a iwo ndiwo ana a mpingo uno. Mseu wa M3 umene uturuka ku Blantyre, nupyola Zomba, Songani, Domasi ndi Malosa, nutsikira ku Liwonde podzera ku Machinga, upita pakhomo pathu peni peni. Ana athu audutsa popita ku sukulu, amai athu agulitsa nthoci m'mbali mwace, ndipo obvulala ace awanyamulira ku cipatala cathu ca St Luke's.

M'caka ca 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linalengeza kuti anthu okwana ngati 1,190,000 amafa pa miseu caka ndi caka, ndiko kunena oposa 3,000 tsiku limodzi. Linatinso palibe cina cimapha ana ndi anyamata a zaka 5 kufikira 29 koposa ngozi za pamseu. Ndipo ife sitisowa kuyang'ana kutali. M'caka ca 2019, pa msika wa Kampepuza m'boma la Ntcheu, pa mseu wa M1, lole yolemera inalephera kuima, niwomba magalimoto ndi anthu amalonda, nafa anthu oposa 15 amene anaturuka m'nyumba zao m'mawa kukafuna ndiwo ndi sopo. Kuweruza woyendetsa lole imeneyo ndi nchito ya mabwalo a milandu, si yathu. Yathu ndiyo kukumbukira mau a akuru akuti, caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

III. UMO CIZOLOWEZI CIMAPHERA

Kudziwa nchito ndi mphatso ya Mulungu, ndipo dalaivala wa zaka zambiri aona patali zimene wophunzira saziona. Mnyamata wosadziwa acita ngozi zace, za umbuli ndi za phuma. Koma pali msampha wina umene ukola odziwa okha okha. Wophunzira pofika pamtsetse mtima umgunda, nacita zonse monga anamphunzitsa. Wozolowera anatsika pamenepo kambiri-mbiri, ndipo ulendo uli wonse umene anadumpha lamulo nafika wamoyo unamphunzitsa bodza, lakuti lamulolo ndi la ana. Cifundo ca Mulungu ca dzulo aciyesa luso lace. Tione njira zinai za msampha umenewu.

Yoyamba ndiyo mtsetse. Makolo athu anapeza moto popekesa mitengo iwiri. Mabuleki a galimoto agwira nchito mwa kupekesana komweko, ndipo nawonso abala moto. Lole yolemera ikatsika mtsetse wautali, monga wa ku Machinga polinga ku Liwonde, woyendetsa nadalira mabuleki okha, citsulo cimatentha kufikira cileka kugwira, ngakhale aponde ndi mphamvu yace yonse. Ndiponso mabuleki a malole akuru agwira ndi mpweya umene injini ipopa, ndipo wopondaponda kawiri kawiri autha msanga koposa umo injini iubwezera. Cifukwa cace lamulo la nchitoyi liti, lowetsa giya yaing'ono uli pamwamba, usanayambe kutsika, kuti injini yomwe igwire lole. Koma alipo ena acotsa giya konse pamtsetse kuti asunge dizilo wogulitsa panjira. Lole ikathamanga giya ikana kulowanso, ndipo munthuyo atsala ndi ciwongolero ndi hutala basi. Anacita cotero maulendo ambiri osaona kanthu. Koma tsiku lina pansi pa mtsetse pali msika.

Yaciwiri ndiyo tulo. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ora iyenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Woyendetsa akasinza masekondi 4 okha, kanthawi kosakwanira kuchula dzina lace ndi la mudzi wace, lole yapita pafupi utali wa bwalo la mpira popanda woiyang'anira. Tulo tilemera koposa pakati pa usiku ndi mbanda kuca, ndiponso masana munthu atadya. Wozolowera ati, Ine ndidziwa kulimbana nato. Natsegula zenera, natafuna kanthu, nakweza wailesi. Abale, tulo tiribe mankhwala ena koma kugona. Utiko wa ku Trowa, pa Macitidwe 20, anakhala pazenera pomva Paulo mwini alikulalikira, ndipo tulo sitinaopa mtumwi. Anagwa pansi kucokera pamwamba. Kodi tidzaopa ciphaso cako ca zaka 20?

Yacitatu ndiyo liwiro. Anthu ayesa kuti woonjeza liwiro kawiri asowa malo owirikiza kawiri kuti aime. Iai, asowa malo owirikiza kanai, ndipo pamseu wonyowa koposa pamenepo. Wozolowera adziwa pokhota ponse ndi dzenje liri lonse kucokera ku Zomba kufikira ku Mangochi. Koma cimene sacidziwa ndi mwana amene adzathamangira mbuzi lero, kapena wakabaza amene adzapewa dzenje. Mseu ndi womwewo, koma tsiku ndi lina. Kuthamanga sikufika.

Yacinai ndiyo kuleka kuyang'ana. Wophunzira azungulira lole yace m'mawa, nagogoda matayala, naona nyali, nayesa mabuleki, nakoka zingwe za katundu. Wozolowera akwera ndi kuliza injini, nati, Dzulo inali bwino. Samsoni ananena comweco mumtima atadzuka pa maondo a Delila, monga tiwerenga pa Oweruza 16. Anayesa kuti adzapulumuka monga masiku ena onse, osadziwa kuti mphamvu inamcokera ali m'tulo. Akuru anati, ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

IV. MLANDU SUGWERA WOYENDETSA YEKHA

Onani kuti pa imfa ya Uza Davide sanati, Mnyamatayo anali wopusa. Pa 1 Mbiri 15 anaitana ansembe ndi Alevi, nabvomera kuti cilango cinagwera iwo onse, popeza onse sanafuna Mulungu monga mwa dongosolo lace. Woika likasa pa ngolo sanali Uza yekha.

Cilamulo ca Mose ciri ndi mau a eni malole. Pa Eksodo 21 akuti ng'ombe ikapha munthu mwadzidzidzi mwini wace alibe mlandu. Koma ngati inali yogunda kale, anthu namcenjeza, iye osaisunga, mwazi wa wakufayo uli pa iye. Inu amene muli ndi lole, dalaivala wanu anakuuzani kuti mabuleki afooka ndi matayala atha, inu nimuti, Pita ulendo uno wokha, tidzakonza ukabwera. Ng'ombe yanu ndi yogunda, ndipo mwacenjezedwa. Inu amene musenzetsa katundu wopyola muyeso, ndi kulipira munthu monga mwa kucuruka kwa maulendo kuti asagone, ndi kupereka ciphuphu kuti lole yodwala ilandire cikalata ca lole yamoyo, musayese kuti copereka canu ca pa Sabata cidzasambitsa manja anu. Ndipo wolandira ciphuphuco agulitsa miyoyo ya anthu amene sanawaona nkhope.

Pa Deuteronomo 22 womanga nyumba alamulidwa kuika mpanda pa tsindwi, kuti munthu angagwe nadzetse mlandu wa mwazi pa nyumbayo. Mulungu sayembekeza kuti munthu ayambe wagwa. Afunsa za mpanda. Nanga ife a m'midzi, mpanda wathu uli kuti? Tiyala tomato ndi kaunjika pa phula peni peni, popeza pamenepo malonda ayenda. Tikwera matola pamwamba pa matumba, ndi ana kumsana. Tiyenda usiku pa njinga yopanda nyali. Tikhala m'galimoto yothamanga mopyola muyeso, tonse cete, yense aopa kuti anzace amseka. Tazolowera malole monga Uza anazolowera likasa.

Kumbukirani za Caphiridzange, m'cigawo ca Tete ku Mozambique. Pa 17 November 2016 lole ya mafuta yolinga kuno ku Malawi inali itaima kumeneko, ndipo anthu a m'midzi anasonkhana ndi zigubu kudzatunga petulo. Inaphulika, nafa anthu oposa 70, ena pomwepo, ena m'cipatala ndi zironda za moto, ndi ana omwe. Anali anthu osauka onga ife, oona petulo masiku onse m'mabotolo pamseu, kufikira anaiwala kuti ndi moto wogona. Lole ikagwa pafupi ndi mudzi wanu, thamangirani kupulumutsa anthu, si kufunkha katundu. Ndipo ikakhala ya mafuta, cotsani ana, nimuthawire kutali.

V. AKUFA SANALI OCIMWA KOPOSA

Pano ndinene ndi inu amasiye, amene mseu unakulandani mwamuna, mkazi kapena mwana. Pa maliro otere pamamveka mau awiri, ndipo onse awiri ndi osokeretsa. Ena ati, Wamlodza ndani? nayamba kuloza nkhalamba za m'mudzi. Ena ati, Inali nthawi yace, Mulungu watenga. Nakhala osafunsa kanthu, msika nubwerera pa phula m'mawa mwace.

Ambuye Yesu anayankha za ngozi yotere pa Luka 13. Nsanja ya ku Siloamu inagwa, niphwanya anthu 18, ndipo Iye anakana ndithu kuti anthuwo anali ocimwa koposa anzao a m'Yerusalemu. Cotero musasenze katundu wakuti wokondedwa wanu anatembereredwa. Ali m'manja a Woweruza wacifundo amene adziwa zonse. Koma Ambuye sanalekera pomwepo. Anatembenuzira mau kwa amoyo, kuti iwo alape. Ngozi siitana ife kukaombeza ula, kapena kupinda manja. Itiitana kusintha mayendedwe. Tisamnamizire Mulungu kuti anafuna cimene ulesi ndi umbombo wa anthu zinacita. Satana anauza Yesu kuti adziponye pansi kucokera pamwamba pa Kacisi popeza angelo adzamgwira, ndipo Iye anakana, nati kumeneko ndi kuyesa Mulungu. Wolemba dzina la Yesu pa galasi la lole yace, natsika mtsetse wopanda giya, acita cimene Mwini dzinalo anakana kucita.

VI. CIZOLOWEZI M'NYUMBA YA MULUNGU

Kapena wina ati, Ine sindinagwira ciwongolero cibadwire. Mau awa si anga. Mbale wanga, ndi ako ndithu. Kumbukira masiku ako a m'kalasi, umo unaopera kunama, umo unakonzera mtima usanayandikire gome la Ambuye. Lero wakhala Mkristu zaka 30. Udziwa nyimbo zonse pamtima, udziwa poimirira ndi pogwada, ndipo milomo ipemphera yokha mtima uli kumunda. Suyang'ananso matayala a moyo wako. Unacimwa kamodzi, mphezi siinagwa. Unacimwanso, anthu sanadziwa. Tsono uti, Palibe kanthu. Umo ndimo wacotsera giya pamtsetse.

Petro sanali wophunzira watsopano usiku uja anakana Mbuye wace. Anali woyamba wa khumi ndi awiriwo, ndipo ndiye anadzitama kuti ena onse angagwe koma iye iai. M'munda wa Getsemane anagona pamene anauzidwa kudikira, ndipo tambala asanalire anagwa pa mau a mdzakazi. Paulo, polembera Akorinto kalata woyamba, pa mutu 10, sacenjeza ogwa kale. Acenjeza amene adziyesa oimirira. Kuleza mtima kwa Mulungu ndi nthawi yopatsidwa kuti ukonze, si umboni wakuti zonse ziri bwino.

Koma pali ciyembekezo. Itapita miyezi 3 Davide anabwerera kukatenga likasa, ndipo ulendo uwu analisenza Alevi pa mapewa monga cilamulo cinanena. Njira inali yocedwa ndi yolemetsa, koma linafika m'mudzi, anthu nakondwera, wosafa ndi mmodzi yense. Petro yemwe analira, nakhululukidwa, napatsidwa nkhosa kuti adyetse. Mantha oyera amene anatha akhoza kubwerera.

Cifukwa cace, inu oyendetsa, nyamukani m'mawa uli wonse monga tsiku lanu loyamba. Zungulirani lole musanakwere. Lowetsani giya muli pamwamba. Tulo tikadza, patukani mugone. Katundu wocedwa afika, koma mtembo subwerera. Mowa ndi lamya ya m'manja zikhale kutali ndi ciwongolero. Bwana akakukakamizani kuyenda ndi lole yodwala, kanani mwaulemu. Nkobvuta, pakuti nchito isowa ndipo ana afuna nsima, koma mpingo uyenera kuima ndi munthu wotere ndi kumthandiza akacotsedwa. Inu akazi ao, musawafulumize ndi mau a kusowa kwa pakhomo. Inu akuru a mpingo, khalani pansi ndi mafumu ndi akuru a misika, mupangane za kusendeza malonda kutali ndi phula, ndi za munthu wamkuru wodutsitsa ana a sukulu. Nkhanga zinapangana kusanapse. Ndipo inu aphunzitsi a m'midzi, werengani mau awa kwa amene sadziwa kuwerenga.

Tipemphere. Mulungu Atate, amene mwatisunga m'maulendo ambiri pamene sitinadzisunga tokha, musalole kuti tiyese cifundo canu nzeru zathu. Dikirani pamodzi ndi ana anu oyenda usiku ndi katundu wolemera. Muwapatse maso openya, mtima wodekha, ndi kulimbika kwa kuima pamene ayenera kuima. Tonthozani amasiye a pamseu. Bwezerani mwa ife tonse kuopa kumene tinali nako poyamba, kufikira mutifikitse kwathu. Mwa Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.